Mayi Antónia a ku Mitande ndi matenda amene analibe mfiti

Mayi Antónia Januário anabadwira ku Mitande mu 1951, m'banja la alimi a chinangwa, ndipo anabatizidwa ali ndi zaka khumi. Nkhondo itafika anathawira ku Malawi ndi ana anayi. Pobwerera mu 1993 anapeza kapela yathu ilibe denga, choncho anayamba kuphunzitsa katekisimu pansi pa mtengo wa mango. Ambirife tinaphunzira Atate Athu kwa iwo, titakhalira njerwa zogumuka. Mawu awo ankamveka mpaka kumadimba.

Mu 2014 mawuwo anayamba kuzilala. M'mawa ankadzuka bwinobwino, koma dzuwa likapendeka zikope zinkagwa, lilime n'kulemera, ngakhale madzi ankawatsamwa. Achibale anati alodzedwa, ndipo analoza Mayi Hadija, Msilamu amene anachita nawo malire a munda. Mwana wa Mayi Antónia, Norberto, anafuna kukagwetsa nyumba ya mayiwo.

Mayi Antónia anatukula chikope ndi chala kuti amuone. "Ukakhudza ngakhale udzu wa nyumba imeneyo, usadzanditchulenso amayi. Pothawa nkhondo, iweyo unali kumsana kwa Hadija."

Patapita zaka zitatu, dotolo wina ku Cuamba anawatumiza ku Nampula pa komboyo, sitima ya pamtunda. Kumeneko dotolo wa ku Nampula anawafotokozera kuti chitetezo cha m'thupi mwawo, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chinasokonezeka n'kumawononga pamene mitsempha imakumana ndi minofu. Anawauzanso kuti akatswiri akufufuzabe matenda otere, ndipo anapempha magazi awo pang'ono.

"Tengani, bambo," anatero. "Nkhondo ya pachibale ndimaidziwa. Mwina amene adzadwale pambuyo panga, abale ake sadzanamizira munthu."

Mankhwala ankathandiza akapezeka. Akasowa sankadandaula. Anangosintha nthawi, ana a katekisimu n'kumabwera m'mamawa lilime lisanatope. Akamva za wodwala matenda osadziwika, ankatuma uthenga wakuti, "Inu pitani kuchipatala, kupemphera tisiyireni ife."

Anamwalira mwamtendere Lachiwiri lina m'mawa mu 2023, atadzozedwa mafuta oyera, korona ili m'manja.

Chaka chatha mtsikana wina wa mumphakati wathu anayamba kufooka miyendo popanda chifukwa chodziwika. Amayi a mpingo anamukweza chapa, minibasi ya ku Cuamba, tsiku lomwelo, ndipo pamudzi ponse panalibe amene anatchula dzina la mnzake kuti ndiye wamulodza.