Mayi wa Pazenera la Matikiti ku Sodal

Mayi Pyo Geum-rye anafika pachilumba cha Sodal ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, atasanza njira yonse kuchokera kumtunda, mumzinda wa Mokpo, ndipo atangoponda doko anauza mwamuna amene anali atangowakwatirayo kuti sitima sadzaikweranso mpaka kufa. Lumbirolo silinathe mwezi, koma chidani chawo ndi sitimayo chinakhala. Bamboyo atamwalira, msana nawo utakana ntchito yokoka zingwe za ndere m'nyanja, ntchito yokhayo imene inapezeka inali yogulitsa matikiti a sitima yomweyo. Anthu anaseka, iwonso anaseka nawo. Pofika chaka chimene tikunenachi anali atakhala pazenera limenelo zaka makumi awiri ndi zinayi.

Sitima ya ku Sodal ndi imodzi, ulendo wake ndi wa maola anayi, ndipo papepala imabwera tsiku lililonse. M'mawa seveni isanakwane foni inkalira kuchokera ku ofesi ya kampani kumtunda. Ikalira kwanthawi yaitali Mayi Pyo ankadziwiratu. Lero chifunga, mawa mafunde, mkuja injini, mwinanso yapita kokaunikidwa ndipo yolowa m'malo mwake palibe. Iwo ankangotola choko n'kulemba pabolodi: LERO SITIMA KULIBE. Kenako ankakhala pansi kudikira kutukwanidwa, poti kampani ili kutali koma zenera lili pafupi.

"Amake Bora, mwaibisa kuti lero?" ankafunsa a Gil Man-bok, msodzi wokalamba amene sankaphonya padoko ngakhale alibe ulendo.

"Ili m'thumba langali, achimwene. Bwerani mudzapise."

"Akulipirani kuti muzitilembera bodza ndi choko."

"Bodza lake liti? Ndalemba kuti kulibe. Mukuiona inu?"

Ena sankanena moseka. Panali omenya zenera ndi chikhatho, panali owatchula galu wa kampani. Ankaiwala kuti Mayi Pyo nawonso ndi wapachilumba. Ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Bora, unachitikira ku Mokpo iwo kulibe. Anakonzeka kunyamuka kutatsala masiku awiri, chovala chaukwati chili chopindapinda m'chikwama, koma sitima inajomba masiku atatu otsatizana. M'mawa wa ukwatiwo analemba okha pabolodi ndi dzanja lawo, nakalirira kuseri kwa thanki yamadzi kumene kunalibe wowaona.

Chaka chimene tikunenachi, mu Januwale, injini inafa masiku khumi ndi limodzi. M'sitolo munatsala sopo ndi machesi. Akazi a Gil, amene ankadwala mtima, anaphonya tsiku loonana ndi dokotala limene analidikira miyezi itatu. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu Mayi Pyo anachita chimene wantchito wa kampani sayenera kuchita: anaimbira a wailesi yakanema, pafoni yawoyawo.

"Alipo amene wamwalira, mayi?" anafunsa mtsikana amene anayankha.

"Pakadali pano palibe."

"Chabwino, talemba. Tikuimbirani."

Anaimbanso kawiri. Palibe anabwera, palibe anaimba.

Mu Meyi kunafika alendo makumi anayi ochokera ku Seoul, okwera mapiri, ovala majekete owala ngati maluwa. Anabwera kudzagona usiku umodzi, chifunga n'kuwatsekera masiku awiri. Nyumba zogona alendo ku Sodal ndi ziwiri zokha, choncho asanu ndi mmodzi anawatenga Mayi Pyo. Anawayalira m'chipinda chawo chofunda, iwo n'kukagona kukhitchini. Anawaphikira mpunga, msuzi wa ndere ndi nsomba zouma, natsegula mtsuko wa kimchi, ndiwo zamasamba zowawasa, umene ankasungira Bora. Mlendo ndi mame, anatero mumtima. Sanalandire kalikonse.

Madzulo a tsiku lachiwiri, chifunga chitayamba kupepuka, padoko panaima boti lahayala. Munatuluka mnyamata wa tsitsi lopesa bwino, ndi mnzake wonyamula kamera.

"Ha! Kani maboti amapezeka?" anatero a Gil. "Mu Januwale muja anali atapita kumaliro?"

Mnyamatayo anawerama mwaulemu nati dzina lake ndi Yeom Tae-gyu, mtolankhani wa kanema. Anali waulemu zedi, ndipo Mayi Pyo anamukonda. Anathamangira kunyumba kukavala bulauzi yabwino, nabwerera atanyamula kalendala yawo ya chaka chatha, m'mene ankadula mzere wofiira tsiku lililonse limene sitima sinabwere. Mizereyo inalipo makumi asanu ndi anayi kudza inayi.

Analankhula pafupifupi ola lathunthu. Ananena za injini yokalamba, za kusowa kwa sitima yolowa m'malo, za ukwati wa Bora. A Gil anavula chipewa nafotokoza za akazi awo. Mnyamatayo ankangogwedeza mutu, akuti, "Pepani kwambiri, agogo. Dziko liyenera kumva zimenezi." Pomaliza anafunsa ngati mocheza, "Nanga inu mayi, simukwiya?"

Mayi Pyo anaseka kuseka kwa munthu wotopa. "Mwanawe, kuno tinazolowera. Ikapanda kubwera, sibwera basi. Koma kuzolowera si kuvomera. Munthu amazolowera ngakhale dzino lobowoka."

Atatha, anatseka zenera n'kukhala mkati kudya mbatata yophika, poti chiyambire m'mawa anali asanaike kanthu m'kamwa.

Mawa lake sitima inabwera, alendo anapita. Sikisi koloko madzulo mudzi wonse unadzaza m'holo kudzaonera nkhaniyo pakanema. Ena anabwera ndi mowa wa mpunga, akuti lero Sodal aonekera.

Nkhaniyo inatenga mphindi ziwiri. Inayamba ndi mayi wina wa jekete lofiira akupukuta misozi, akuti galu wake watsala yekha m'nyumba ku Seoul. Mayi Pyo anamuzindikira. Ndi amene anawonjezera mpunga kawiri. Kunabwera bambo wina wodandaula kuti waphonya msonkhano, ndipo pachilumba palibe amene akuwalabadira. Kenako mawu a mnyamata uja anati, "Pamene alendo akuvutika chonchi, zenera la matikiti ndi lotseka." Chithunzi chinayandikira pagalasi, ndipo anaonekera Mayi Pyo, tsaya litatupa ndi mbatata, akunyambita chala. Asanapume, nkhope yawo inabweranso ikuseka: "Kuno tinazolowera. Ikapanda kubwera, sibwera basi." Anadulira pomwepo.

Anamaliza ndi bwana wa kampani, atakhala mu ofesi ya maluwa, akunena kuti pa maulendo zana alionse sitima yawo imalephera atatu okha, kupatula masiku a nyengo yoipa ndi okonza sitima. Palibe anamufunsa kuti ukachotsa amenewo patsala chiyani. Kalendala sinaoneke. Za a Gil kunaoneka msana wokha, akudutsa.

Nkhaniyo inathera pamenepo. Ndiye wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, kuseka kwa manyazi.

"Amake Bora, mbatatayo inali yokoma eti?"

Chimene Mayi Pyo anamva sikunali kukwiya kwenikweni. Kunali ngati mmene umamvera ukapeza mphutsi m'chakudya chimene wadya kale theka. Anakumbukira mmene mnyamata uja ankagwedezera mutu, ndi mmene iwo anamupatsira mbatata ina kuti adye m'boti. Anatuluka panja nalavula.

Bora anaimba akulira. "Amayi, musawerenge zimene anthu akulemba pafoni. Akuti ndinu nkhalamba yaulesi yodya ndalama za boma."

"Za boma ziti? Ndiuze kumene zili ndikadye."

M'mawa anaimbira mtolankhaniyo pa nambala imene anawasiyira. Anayankha mwaulemu womwe uja.

"Mwanawe, mawu anga ena aja unawataya kuti?"

"Mayi, pepani, nthawi imakhala yochepa. Amadula ndi akuluakulu, si ine."

"Ya galu inapezeka nthawi."

"Anthu amamvetsa msanga zoterozo, mayi. Koma nkhani yanu ndi yofunika, ndidzabweranso."

"Ukadzabwera udzabwere ndi chakudya chako," anatero, nadula foni.

Mwa alendo asanu ndi mmodzi aja palibe ngakhale mmodzi amene anatsegula pakamwa kunena kumene anagona. Chimene chinabwera ndi kalata ya kampani, yonena kuti Mayi Pyo anyozetsa dzina la kampani, ndipo apite ku Mokpo Lachinayi kukaphunzira kalandiridwe ka alendo ndi kamwetuliridwe. Anasita bulauzi, nalongedza chikwama. Lachinayi sitima sinabwere, Lachisanunso. Sabata yotsatira inafika kalata yachiwiri yowadzudzula chifukwa chojomba kumaphunziro. Anaiwerenga kawiri, naikulungira mamba a nsomba.

Ntchito sanasiye, ndipo kampani sinawachotse, poti panalibe wina wofuna kukhala pazenera limenelo. Chimene chinasintha n'chakuti anasiya kudyera padoko. Njala ikawapweteka ankatseka n'kupita kunyumba. Kanema wawo anamufunditsa nsalu n'kuikapo mphika wa maluwa.

Chilimwe chisanathe, ana a a Gil anagwirizana zoti makolo awo asamukire ku Mokpo, m'kachipinda ka lendi pafupi ndi chipatala. A Gil anabadwira ku Sodal, ndipo anali asanagonepo kumtunda kupitirira sabata. Anabwera pazenera atavala suti yakale yowakulira m'mapewa, akazi awo atakhala pa katundu poteropo.

"Awiri, amake Bora. Opita pokha."

Mayi Pyo anang'amba matikitiwo osayang'ana nkhope ya a Gil.

"Nyumba ndiziisesa," anatero. "Mtengo wa zipatso uja ndiziuthirira."

"Zikapsa muzidya. Koma muzidyera m'nyumba, angakujambuleni."

Anaseka onse awiri pang'ono. Mayi Pyo anatseka zenera, natuluka kukathandiza mayi wodwalayo kukwera masitepe, atamugwira m'khwapa, pang'onopang'ono, wantchito wa m'sitima akukuwa kuti afulumire chifukwa nthawi yatha.