Thovu la a Shefi

Ndikukumbukira m'mawa wina wa nkhungu kwathu ku Ntengo-Wambalame, tikukumba kachewere, zala zitauma gwa ndi kuzizira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nditavundukula mulu wa masamba ouma, ndinaona kampira ka minga yokhayokha. Nditakagunda ndi mpini kanafwenthera, ine jowe, n'kukagwera pamzere wachitatu.

Bambo anaseka mpaka kutsamira khasu. "Ndi kanungu kameneko, Lusiya. Bwera nako tikawambe, ndiwo zapezeka."

Ndinalira ngati ndalumidwa ndi mavu, mpaka Amayi anagamula mlandu: ndikasunge, koma kasadye chilichonse cha m'mbale mwawo. Ndinakakulunga m'chitenje n'kukakaika m'khola lakale la mbira, pakona ya kuzinya momwe tinkaphikira.

Masiku atatu kanakana kudya. Ndinayesa gaga, nyemba zophika, ngakhale ngumbi zouma zimene ndinaba mumphika wa Amayi. Ndinafika pokapatsa ziwala zokazinga zothira mchere, zimene ine sindikanagawira ngakhale mng'ono wanga. Iko phee, nkhope kubisa. Ndinayamba kuopa kuti kafera m'manja mwanga, Bambo n'kudzanena kuti ndawaonongera ndiwo.

Madzulo a tsiku lachitatu, dzuwa likulowa, ndinabwera ndi nkhululu imene ndinakumba kuti ndiotche ndekha. Ndisanaithyole miyendo, inandipulumuka n'kugwera m'kholamo. Abale, zimene ndinaona! Minga ija inagona pang'onopang'ono. Kunatuluka kamphuno kakuda konyowa, kakugwedezeka uku ndi uku, kenako timaso tiwiri. Nkhululu italumpha kamodzi, kanungu kanaithamangira ndi timiyendo timene sindinkadziwa kuti kali nato, n'kuigwira pamutu. Kukumu kukumu, mpaka kunyambita pansi. Ndinakuwa mwakuti Amayi anataya mthiko poganiza kuti ndapsa. Chinsinsi chinali chomwecho: mlendo wanga ankafuna chakudya choyenda chokha.

Tsiku lomwelo ndinawatcha a Shefi, ndiye kuti bwana, chifukwa ankagona tsiku lonse, n'kudzuka chakudya chitafika, ndipo zikomo sankamudziwa.

Mbiri inawanda kusikola. Madzulo alionse ana ankadzaza pakhomo pathu, ine n'kuika lamulo: wofuna kuona a Shefi abwere ndi kachilombo kamoyo. Ankabwera ndi magalafa, mabotolo aja oboola zivindikiro, muli ziwala, nyongolotsi, mbozi zoyera za m'manyowa, zonse zikutakataka. Ndivomere, ufumu unandilowa m'mutu. Ndinkaima pachitseko n'kumagwedeza galafa lililonse. Wobwera ndi chakufa ankabwerera nacho. Wa nkhululu ankagwada kutsogolo, wa mphemvu ankasuzumira pamapewa a anzake. Chiwala chikaponyedwa, tonse tinkagwira mpweya, ndipo a Shefi akachimbwandira, phokoso lake linali ngati wina wagoletsa chigoli. Ngakhale a pulofesolo athu, aphunzitsi a kusikola, anabwera tsiku lina ati kudzaona Bambo, koma m'thumba la malaya munali bokosi la machesi likukwarasa lokha.

Amene anabweretsa tsoka ndi Zakeyo, mwana wa oyandikana nafe, mlesi wosafuna kuthamangitsa ziwala zouluka. Iye anangotola nunkhadala, chiwala chamawangamawanga chija chonunkha, chimene ngakhale nkhuku imachilambalala. Ndinayenera kumubweza. Koma iye anandinyoza kuti a Shefi achiopa, ndipo ine mtima unandikwera. Ndinachiponya ndi dzanja langa.

A Shefi ananunkhiza, analuma, anatafuna pang'ono, n'kuima. Kukamwa kunayamba kutuluka thovu loyera. Anapinda msana, lilime n'kutalika modabwitsa, akudzipaka thovulo paminga mpaka kugwa chammbali. Anadzuka n'kuyambanso. Ana anabalalika akukuwa, ndipo mayi a Zakeyo atasuzumira anagwira kumutu.

"Chiwewe! Mayo ine, chiwewe m'nyumba!"

Mawu amenewo sanali ocheza. Chaka chomwecho mwana wina wa kutsidya kwa mtsinje anamwalira atalumidwa ndi galu wopenga, ndipo amuna a m'mudzi anapha agalu onse, ndi wathu yemwe. Posakhalitsa pabwalo panadzaza akuluakulu, aliyense atagwira mwana wake padzanja. Bambo analowa, anayang'ana m'khola, kenako anatembenuza manja anga uku ndi uku.

"Kakuluma?"

"Iyayi, Papa. Ndi nunkhadala chabe, sakudwala!"

"Pronto, basi, kayenera kufa. Onse tulukani. Iwe khala pomwepo, ndikatenge khasu."

Anakankhira anthu kutali ndi chitseko n'kuzungulira kuseri. Ndinawamva akukalipira Amayi kuti khasu aliika kuti, kenako akufunsa mng'ono wanga, kenako akukalipanso. Ndinayang'ana a Shefi, amene tsopano ankangoyendayenda ngati palibe chachitika, ndipo ndinadziwa kuti ndine ndawaphetsa ndi matama anga. Ndinawafunditsa chitenje, ndinawanyamula, n'kudzipanikiza pakazenera ka utsi.

Ndinathamanga m'chimanga, masamba akundicheka kumaso, minga ikundibaya pamimba, fungo la nunkhadala lili m'mphuno. Ndinakafika kudambo, pachulu china chowirira, n'kuwatula pansi. Anakhala kanthawi ali chipindire. Kenako kamphuno kaja kanatuluka, kananunkhiza dothi lonyowa, ndipo a Shefi analowa m'udzu osacheuka n'komwe.

Nditabwerera ndinati athawa okha. Palibe anakhulupirira. Ndinalandira zikoti zitatu m'miyendo anthu akuona, Amayi anandikwecha ndi sabawu wochapira mpaka khungu kuwawa, ndipo m'mawa mwake tinayenda ulendo wautali wa kuposito, kachipatala kathu, komwe anangopeza zokanda za minga. Mlungu wathunthu sindinawalankhule Bambo. Kunena zoona, kachidutswa ka mkwiyo umenewo ndinakula nako.

Lero ndine mphunzitsi ku Chidzolomondo, ndipo ana anga a m'kalasi ambiri kanungu sanakaonepo. Thengo lasanduka minda ya fodya, m'minda mwapoperedwa mankhwala, ziwala nazo zachepa. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anandionetsa pa selula anthu a kumaiko akutali amene amaweta tinungu m'nyumba, n'kumagula tizilombo tamoyo m'mabokosi. Ndinaseka poganiza chuma chimene tinkataya ife. Koma kuseka kunatha nditaona kena kakuchita thovu, kakudzipaka paminga mpaka kugwa chammbali, mwini wake akumwetulira. Pansi pake analemba kuti ndi khalidwe lawo akakumana ndi fungo lachilendo. Si matenda ayi.

Patchuthi ndinanyamula selula ija mpaka kwathu. Bambo akalamba, maso achita mdima, moti anaionera itagunda mphuno.

"Ndinakuuzani, Papa! Simunandimvere!" Ndinatero ngati kamwana, ine mayi wa ana atatu.

Anandibwezera selula ija.

"Ine sindinkadziwa, mwanawe, ndipo mantha ndinali nawo enieni. Koma khasu lija silinasowe. Ndinalikhalira kuseri kwa nkhokwe, ndikukuwa kuti umve, iwe osathawa msanga, mpaka kukhosi kunandiuma. Galu wako ndinali nditapha kale ndi dzanja ili, iwe ukuona. Sindikanatha kachiwiri."