Nyemba za aNambewe

Lachisanu, mwezi wa Marichi. Ndikaweruka kusukulu ndimaphunzira njinga yamoto ya azakhali, alangizi a zaulimi kuno ku Lobi. Lero anandilola kuzungulira ndekha. Nditakwera chitunda, nkhungu inayamba kuchoka, mapiri n'kumatuluka limodzilimodzi mpaka ku Mozambiki. Ndinangoti kukamwa yasa, buleki n'kuiwala. Ndinakathera m'munda mwa anansi athu aNambewe, mizere itatu ya nyemba ili pansi. Ndinadzutsa njinga n'kubwerera kwathu mwakachetechete.

Posakhalitsa aNambewe anafika kwathu akudandaula. "Mwanawe, chalowa m'munda mwanga n'chiyani?"

"Kaya, mwina mbuzi," ndinatero, maso ali pansi.

"Mbuzi za masiku ano zili ndi matayala," anatero azakhali, akuchotsa masamba a nyemba patcheni.

Ndikaulula, mwina azakhali sadzandipatsanso njingayo, ndipo mapiri aja ndikufuna kuwaonanso. Komabe mawa ndilawirira kwa aNambewe, khasu lili paphewa.