Ndinangopita kukafunsa mtengo, lomba nyumba ili pa malonda

Nyumba imene ndimagonamo ili pa malonda, ndipo ine wogonamo ndamva kwa alendo. Ndatopa, abale anga a pa gulu lino. Ndatopa mpaka m'mafupa. Koma ndilembabe, mwina wina apulumukirapo.

Amene simundidziwa, ndine amake Misozi, nesi uja ankagwira ntchito kwa Mlolo. Misozi ndiye anamanga nyumba ino pano pa Boma la Chadiza, ya zipinda zitatu, ya malata. Njerwa zinaumbidwa ine ndikuona, madzi ake ndinkatunga ndekha ndi ndowa pamutu. Atamwalira abambo ake, mwanayu anakanditenga kwathu kwa Zemba, nati amama khalani muno, mawondo anuwo sangathenso njira ya ku chitsime. Chaka chino wapeza ntchito ya unesi ku Mangalande. Pano ali ku Lusaka kukonza mapepala, kwatsala masabata awiri akwere ndege.

Ndiye nkhani inabuka pakati pa iye ndi amuna ake, aDaka, akamwini anga. Akafika kumeneko, akachite lendi kapena akagule nyumba? ADaka ankati lendi ndi kutunga madzi ndi dengu, zaka zimatha iwe ulibe ngakhale chitseko chako. Bola agulitse ya ku Chadiza, ndalamayo akayambire kulipira ya kumeneko pang'onopang'ono, ine andipezere kachipinda kuseri kwa msika. Misozi ankati ayi, dziko sitikulidziwa, nanga ntchito ikakakanika tidzabwerera kuti? Anandifunsa ine pa foni. Ndinawauza za malemu abambo ake Misozi, amene anapereka ng'ombe yamphongo kusinthanitsa ndi munda mwezi wa Okutobala. Malo osalala, dothi lakuda bii, maso ake onse anathera pamenepo. Kufika Januwale tinkalowamo madzi m'chiuno, tinakolola achule. Munthu uja mpaka kufa kwake sankafuna kumva dzina la ng'ombe ija. Ndinati malo uyambe waona dzinja lake. ADaka anangoti, "Zamveka, amama," koma mawu ake ankamveka kuti sizinamveke.

Misozi anati, amama, pitani kwa bambo uja watsegula ofesi ya zogulitsa nyumba ndi mapuloti pafupi ndi msika, mukafunse zinthu ziwiri chabe. Nyumbayi titagulitsa ingapite zingati, titaikamo munthu wa lendi ingabweretse zingati pa mwezi. Tikadziwa, tikambirana bwino. Kufunsa chabe. Mawu amenewa agwireni.

Lolemba ndinafika pa ofesipo 8 awazi. Ndinapeza mayi wa pa tebulo akudya vitumbuwa, mafuta akupukutira pa buku la malisiti. Anati kuonana ndi abwana ndi K150. Ndinati ndingofunsa funso. Anati funsolo ndiye K150. Ndinamasula pa chitenje ndi kupereka. Ndinakhala pa benchi mpaka 11 awazi, ndipo benchi yake ndi thabwa limodzi pa njerwa ziwiri, ukasuntha pang'ono limakutsina. Abwanawo anafika ali ndi tayi, dzuwa lonseli, makiyi akuzunguza pa chala. Anati sanganene mtengo asanaione nyumba, ndiwonjezere K200 ya mafuta a galimoto. Kuchokera pa msika kufika kwathu ine ndi mawondo angawa ndimayenda mphindi makumi awiri. Galimoto yake imamwa chiyani? Ndinaperekabe.

Anati abwera Lachitatu 9 awazi. Ndinasesa, ndinakolopa, ku munda sindinapite. Anafika 15 awazi, pa njinga ya kabaza. Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa thobwa, anamwa makapu awiri. Kenako anayamba kujambula ndi foni, kutsogolo, kuseri, mpaka ku chimbudzi. Anapempha kalata ya puloti, ija ya ku khansala imene Misozi anandisiyira mu pulasitiki pansi pa sutikesi. Anati akangoijambulitsa pa makina, mawa ibwera. Anatulutsanso pepala la Chingerezi nati, "Amama, sainani apa, ndi umboni chabe kuti ndinafika." Ine sukulu ndinalekera giredi 5. Ku kiliniki timasaina, kolandira feteleza timasaina, ndinasaina. Ndinafunsa za mafunso anga awiri aja. Anati anditumizira meseji.

Meseji mpaka lero ikadali m'njira. Mwina nayonso ikudikira mafuta.

Lomba imvani zimene zinandichititsa manyazi. Sabata lomwelo a zaumoyo anali atalengeza pa chimkuzamawu kuti opopera udzudzu m'nyumba afika dera lathu, aliyense akonzeke kutulutsa katundu. Loweruka cha m'ma 10 awazi ndinangomva odi. Bambo ndi mayi, ovala bwino, bamboyo kabuku m'manja. Anati, "Amama, tabwera kudzaona nyumba." Ndinati, "Eya, tinamva kuti mubwera. Khalani kaye pa mthunzi nditulutse katundu." Anayang'anana. Mayiyo anati, "Lero lomwe?" Ndinati nanga liti, mukapitirira inu simubweranso mpaka chaka chamawa.

Ndinatulutsa zonse, abale anga. Matiresi, matumba a chimanga, mbale, sutikesi, chithunzi cha Amayi Maria, ngakhale nkhuku yokhalira mazira ndinainyamula ndi dengu lake, inandijompha pa mkono apa. Bamboyo anandithandiza kunyamula kabati, munthu waulemu ndithu. Atalowa anatulutsa tepi nayamba kuyeza makoma. Ine mumtima ndinati chaka chino boma lasamala, mankhwala akuyeza ndi tepi. Kenako ndinamva mayiyo akuti, "Apa bedi yathu ilowa, koma khomo la khitchini tidzagumule." Ndinati, "Pepani, kugumula khomo chifukwa cha udzudzu? Nanga mapampu anu ali kuti?"



Bamboyo anati iye ndi mphunzitsi, wasamutsidwira kuno kuchokera kwa Zingalume. Anati nyumbayi waipereka kale chikole cha K5,000 kwa bambo wa tayi uja, ndipo anauzidwa kuti agogo okhalamo achoka pakutha pa mwezi. Anandionetsa pa foni. Nyumba ya mwana wanga, zovala zanga zili pa chingwe, ine mwini ndili pa ngodya ndi tsache, pakamwa pali yasa. Anandiwerengera mawu a pansi pake: eni ake akusamukira kunja, mtengo wofulumira. Ndinangokhala pa thumba la chimanga.

Ndipo katundu uja anakhala panja mpaka madzulo, chifukwa mphamvu yomulowetsera ndinalibe. Onse opita ku msika anaona. Lamulungu titatuluka Misa, amayi a mphakati wathu anandizungulira pansi pa mtengo wa mango. Amayi apampando anati, "Amake Misozi, zaka zonsezi tasesa tchalitchi limodzi, lero mukukwera ndege osatsazika? Tinakulakwirani chiyani?" Wina anati asonkha kale za chitenje chotsazikira, chagulidwa. Ndinalumbira kuti ine ngakhale pasipoti sindinaionepo, ulendo wanga wautali ndi wa ku Chipata, nakonso ndimasanza njira yonse. Sanakhulupirire. Anati katundu tinamuona ndi maso athu. Chitenjecho anandipatsabe, chabwino ndithu, cha maluwa achikasu, koma ndingachivale bwanji?

Lolemba ndinabwerera ku ofesi, 8 awazi. Chokhoma. Lachiwiri ndinapeza mayi wa vitumbuwa uja, anati abwana ali ku fildi. Ndinati fildi yake iti, ndiwalondole. Anati fildi ndi fildi, amama. Lachitatu ndinalawira 6 awazi, ndinakabisala kuseri kwa ogulitsa tomato, nkhalamba ine, ngati ndikusaka mbewa. Atangotsegula loko ndinatulukira.

Sanadzidzimuke n'komwe. Anati, "Aa, amama athu! Ndimati ndikuimbireni." Ndinafunsa kuti ndani anawatuma kugulitsa nyumba. Anati munthu akayamba kufunsa mtengo ndiye kuti mumtima wagulitsa kale, iwo amangofupikitsa njira. Anatulutsa pepala ndinasaina lija, anati limeneli ndi chilolezo. Ndinati munandiuza kuti ndi umboni woti munafika. Anati, "Nanga sindinafike?" Ndinafunsa kalata ya puloti. Anati ili ku Chipata, kwa anzawo. Ikutani ku Chipata? Makina ojambulira mapepala ali khomo lachitatu kuchokera pa ofesi yawo, K2 pepala limodzi. Ndinati chotsani chithunzi changa pa foni za anthu. Anati kuchotsa malonda ndi K500. Kulowa ndilipire, kutuluka ndilipirenso, kodi ndi ndende? Ndinafunsa za ndalama ya aphunzitsi aja. Anati zimenezo si zanga. Pomaliza anandisisita pa phewa, nati, "Muuzeni mwana wanu kuti lendi ya kunja imapha. Ine ndikumuthandiza."

Ndinatuluka osatsazika. Moyo wanga wonse sindinachitepo zimenezo.

Ndinapita ku khansala. Kumeneko anandilandira bwino, ndisaname. Anati nyumba ili m'dzina la Misozi, singasinthe dzina popanda iye mwini, pepala ndinasaina ine silingagulitse ngakhale khola la nkhuku. Koma anati kalatayo ndiilondole msanga, kalata ikamayenda m'manja mwa anthu otere imabala milandu, ndipo mwini wake akakhala kutsidya kwa nyanja mlandu umakula. Ndiye tulo ndilibe. Aliyense wodutsa pa msewu akayang'ana denga, ndimamuyesa wogula. Lachinayi opopera udzudzu enieni anabwera, ndi mapampu awo kumsana, ine ndinawathamangitsa ndi mthiko. Ndinachita kukawapepesa kwa aneba. Anandiseka, koma anapopera.

Misozi nditamuuza analira pa foni. Anati amama ndakupalamulirani. Ndinati iwe sunalakwe, kufunsa si mlandu. Usiku womwewo anakambirana ndi amuna ake, m'mawa aDaka anaimba okha. Anati, "Amama, takambirana. Tikachita lendi kachipinda kamodzi chaka choyamba, tione mmene kulili. Nyumbayo isakhudzidwe." Anatinso sanaganizepo bwino za kachipinda ka kuseri kwa msika kaja, ndiwakhululukire. Ndinati palibe kanthu bambo, inunso mumafuna zabwino. Mtengo wa nyumbayi mpaka lero sitikuudziwa, ndipo sitikuufunanso.

Chotsala ndi kalata. Mwana wanga sangakwere ndege mtima uli kumbuyo, akubaya odwala jekeseni uku akuganiza kuti amake agona pati.

Ndiye bambo wa tayi, ndikudziwa muli pa gulu lino, mumaikapo zithunzi za mapuloti tsiku ndi tsiku. Dzina lanu sinditchula, ndinaleredwa. Ndikufunsa: kalata ya Misozi ili m'manja mwa ndani? Ifika liti? Chithunzi changa muchotsa liti? K350 yanga idyeni, ndayiyesa yotayika pa msika. Koma kalatayo ndikuifuna m'manja mwanga, mu pulasitiki yake, mwanayu asananyamuke.

Inu amene ana anu akupita kunja, akakutumani kukafunsa za nyumba, kalata isiyeni pansi pa sutikesi. Pepala la Chingerezi muyambe mwapita nalo kwa akatekisiti kapena kwa mphunzitsi akuwerengereni. Musachite manyazi, manyazi ake ndi ochepa kuposa anga.

Ndipo inu aphunzitsi a kwa Zingalume, ine ndilibe nanu chifukwa. Munandinyamulira kabati, nanunso mwalumidwa ndi galu yemweyo. Mawa 7 awazi bwerani ndi lisiti lanu tikakhale pa khomo la ofesiyo awiriwiri, inu mukudikira K5,000 yanu, ine kalata yanga. Mipando ndibweretsa ndine. Nditenganso mtedza wanga woti ndisende, matumba alipo atatu, ndipo ine ndimasenda pang'onopang'ono.