Zimene tinapeza m'mimba mwa huva yanga

Ndinayamba kudandaula Lolemba loyamba la mwezi wa Febuluwale. Kalata yachiwiri ndinaipereka pamanja kwa wokonza huva yanga kumapeto kwa Malichi, yachitatu Isitala itangopita. Zonse zili ndi makope ake mu fayilo yanga yobiriwira. Dandaulo lachinayi munaliwerenga nokha pa tsamba lino, pamene ndinalemba kuti ku msika wa Kafue kuli wokonza zamagetsi wina amene amaba matumbo a makina a anthu. Dzina sindinatchule, koma ndinati shopu yake ili pafupi ndi ogulitsa makala. Pamenepo pali shopu imodzi yokha, ya Ba Mweemba.

Lero ndikulemba dandaulo lachisanu, ndipo woimbidwa mlandu ndine.

Fakitale yathu itatsekedwa, bwana wina wobwerera kwawo anandigulitsa kapeti ndi huva, makina aja okoka fumbi, pamodzi ndi mapepala ake onse. Anandisiyiranso galu waubweya wautali amene anazolowera kugona m'nyumba. Akazi anga, amake Dalitso, ali ndi amphaka awiri. Pakhomo pathu ubweya umapezeka ngakhale mu tiyi. Zaka zitatu huvayo ndinaiyendetsa ndekha, Loweruka lililonse, osalola wina aliyense kuikhudza.

Mu Januwale swichi inafa. Ndisanapite nayo kwa Ba Mweemba ndinachita zimene ambiri a inu mumachita ndi mawailesi anu: ndinatenga penti wopaka m'zikhadabo n'kudontheza pa sikuluu iliyonse ndi pa chotsekera chilichonse, kuti munthu akatsegula ndidziwe.

"Swichi yokha," ndinatero. "Kwina konse musagwireko."

Iwo anainyamula, naiyesa kulemera. "Ba Tembo, lekani nione mukati. Iyi mashini yalema monga ili na mimba."

"Ndati swichi."

Patapita masiku awiri ndinakaitenga. Inkalira bwino, koma kukoka kunali kwa munthu wodwala chifuwa. Kunena zoona inali itayamba kale kufooka, koma zimenezo sindinazilembe paliponse. Ndinagamula kuti mota yanga yabedwa, aikamo yakutha. Penti anali pomwepo, inde, koma kodi munthu wochenjera angalephere kugula penti wofanana?

Amake Dalitso anayesa kundiuza. "Atate ake Dalitso, chinthu chimene chimadya sabata iliyonse osapita kuchimbudzi, mukuti chingakhale bwino?" Ndinawayankha kuti za makina azisiyire ife amene tinagwira m'fakitale. Ine m'fakitalemo ndinali kalaliki wa m'sitolo.

Kalata iliyonse Ba Mweemba ankaiyankha ndi mawu amodzimodzi: "Bwelesani tisegule pamozi." Ine ndinkakana. Ndinkafuna yankho lolembedwa, losainidwa.

Lachitatu lapitali ndinatopa. Ndinamanga huva pa njinga, fayilo m'khwapa, ulendo wa ku msika. Ndinaitana amayi ogulitsa makala ndi telala woyandikana nawo kuti akhale mboni. Mboni ndinaziitana ndekha, abale anga. Palibe anandikakamiza.

Ba Mweemba sanagwire ngakhale sikuludiraiva. Anandionetsa kachotsekera kapamwamba, penti wanga akadali pomwepo, nati nditsegule ndi dzanja langa. Ndinatsegula. M'katimo munali thumba lansalu, lotupa ndi lolimba ngati pilo wakale. Ba Mweemba atalikhuthula pansi, panatuluka ubweya wa zaka zitatu, wa galu ndi wa amphaka, wopanikizana mpaka kuima wokha osagwa.

"Ba mudala," anatero mayi wina wa makala, "uyu galu wachiwiri mwamutengela laisensi?"

Msika unaseka mpaka kwa ogulitsa nsomba za ku Chanyanya. Ba Mweemba okha ndiwo sanaseke. Anakuntha thumbalo, nalibwezera, nayatsa. Huva inakoka tayi yanga mpaka ndinawerama.

Kenaka anafunsa ngati ndili ndi kabuku kake. Ndinali nako, mu fayilo momwemo, kadakali m'pulasitiki yake yosang'ambidwa. Pa tsamba lachiwiri pali chithunzi cha dzanja likukhuthula thumba. Sipafunika ngakhale Chingelezi.

Ine amene ndili ndi lisiti ya bedi limene tinagula titangokwatirana. Ine amene ndimadzudzula achinyamata pa tsamba lino kuti sawerenga. Kusunga pepala ndinakuyesa kuwerenga.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo kusekedwako ndakulandira. Chimene chikundiluma ndi china. Telala uja anandikokera pambali n'kundiuza kuti chitulukire ndemanga yanga, anthu anayamba kutenga mawailesi ndi maayironi awo osakonzedwa. Achinyamata a tchalitchi china amene ankabweretsa masipika awo tsopano amakwera nawo minibasi kupita ku Lusaka. Munthuyu ali ndi ana a sukulu.

Ndipo ndi ndani Ba Mweemba? Ndi munthu amene anasamala magetsi a fakitale yonse ine ndikulemba manambala a mabawuti. Tinkadyera mu kantini imodzi. Makalata otichotsa ntchito tinalandira tsiku limodzi. Nthawi imeneyo anali ndi ovolosi ya kampani ndipo palibe ankamukayikira. Lero ali ndi luso lomwelo pansi pa malata anayi, ndiye wasanduka wakuba?

Musandiseke kwambiri, pakuti matendawa ndi athu tonse. Chitsekedwere mafakitale, tikuyang'anana ngati aliyense ali ndi dzanja m'thumba la mnzake. Katundu wochokera kunja, wopanda ngakhale sipeya, timamulandira ndi manja awiri. Mnzathu amene tinakula naye timamupakira penti pa sikuluu. Inu amene mukuwerenga, batire ya galimoto yanu ili ndi chizindikiro chanji? Munachiika poopa ndani?

Zoti akuba aliko sindikana. Koma ine ndinagamula mlandu chitseko ndisanatsegule, ndipo amene anandipempha kuti nditsegule, kanayi konse, ndi yemweyo ndinamunamizira.

Choncho ndikulengeza: mota ya huva yanga ndi yomwe ija, sinakhudzidwe. Zonse zimene ndinalemba za shopu ya pafupi ndi makala ndi zabodza, ndipo ndazibweza. Amene munachotsa katundu wanu chifukwa cha ine, m'bwezereni. Amake Dalitso, munanena zoona, ndipo ndazilemba kuti zikhale umboni.

Kwa inu Ba Mweemba: Lachitatu lija ndinachoka osapepesa. Ndikupepesa pamaso pa onse amene ndinakunyozerani. Ndikupempha mwaulemu kuti nkhaniyi iyankhidwe, ndidziwe ngati mwandikhululukira kapena ayi. Yankho lapakamwa ndilokwanira. Ndidzabwera Loweruka m'mawa, ndipo fayilo ndidzaisiya kunyumba.