Mwana Amene Anatsala ku Balaka

Maness amasita zovala m'nyumba ina ku Morningside, ndipo pa simbi mayiyu ndi katswiri. Zaka khumi akusita malaya a eni ake, sanawotchepo ngakhale kampango.

Anabwera ku Durban ndi mwamuna wake, atasiya mwana wawo woyamba, Enelesi, ku Balaka m'manja mwa mchimwene wake, a Grain. Anati akamutenga chaka chikatha. Koma inu, chaka cha ku Joni chimatha? M'kachipinda kawo ka lendi ku Clermont munabadwa Chiso, kenako bambo wa anawo analowera ku Cape Town, osamvekanso.

Chiso atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi anayamba kukha kamfuno kosaleka. Zikhatho zinayera mbuu, ndipo akakwera masitepe atatu okha ankakhala pansi wefuwefu. Kuchipatala anati mafuta a m'mafupa mwake asiya kupanga magazi. Ankamuwonjezera magazi pafupipafupi, koma dokotala sanabise: kuti mwanayo achire, pafunika m'bale wake wa bere limodzi amupatseko mafuta a m'mafupa.

Maness anaimba foni ku Balaka. A Grain analumpha ngati aponda moto.

"Chiyani? Nditumize mwana kwa anamapopa? Chemwali, azunguwo akupusitsani! Akamupopa magazi onse, ine ndidzawauza chiyani anthu kuno?"

Musawaseke a Grain. Mwanayo anamulera ndi iwo, ndipo mantha awo anali a chikondi. Maness anachonderera milungu itatu, iwo ali kwakwakwa. Tsiku lina, Chiso ali pabedi, thumba la magazi lili lende pamwamba pake, Maness anaimba foni ya vidiyo. Iye amene m'takisi amayankha "yebo" wa Chizulu basi kuopa kudziwika kuti ndi wobwera, tsiku limenelo analankhula Chichewa mokweza, wodi yonse ikumva.

"Achimwene, taonani bwinobwino. Magaziwa akutuluka kapena akulowa? Anapereka ndi munthu amene sititimudziwa n'komwe. Ndiye ife eni ake tikane?"

A Grain anayang'anitsitsa kamwana ka mlongo wawo kofookako. Kenako anangoti, "Za pasipoti ndiyamba mawa."

Enelesi anabwera pa basi ndi mayi Loveness, amene amapikula nsapato ku Durban kukagulitsa kumudzi. Anatsika ali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wamtali, wamanyazi. Anagwada n'kupereka moni ngati kwa mlendo: "Muli bwanji, anti?" Maness mtima unamupweteka koopsa, koma anameza, poti nthawi yolira panalibe.

Atamuyeza Enelesi, mafuta ake anagwirizana ndi a Chiso. Anamugoneka tulo, namutenga mafutawo m'fupa la m'chiuno, ndipo patatha masiku ochepa anali akuyenda, akungodandaula kuti msana ukuwawa. Chiso ndiye anaona zakuda. Tsitsi linathothoka, m'kamwa munali zilonda, ndipo anakhala mwezi wathunthu m'chipinda chayekha, mayi ake akulowamo atavala zophimba kukamwa. Koma m'mawa wina Maness anatambasula kadzanja ka mwanayo n'kupeza chikhatho chayamba kufiira. Anafuula mpaka nesi anabwera chothamanga.

Miyezi inayi itatha, Chiso anali akuthamangitsana ndi anzake pabwalo, akudya ngati wabwera kumunda. Nthawi yoti Enelesi abwerere inakwana, mayi Loveness anali atasungitsa kale mpando. Loweruka masana Maness anayala bulangete patebulo, nayamba kusita madiresi a mwanayo n'kumalongedza m'chikwama. Enelesi anakhala pabedi akumuyang'ana.

"Amayi," anatero. Aka kanali koyamba kumuitana choncho. "Chiso akanapanda kudwala, mukanandiitana?"

Maness anafuna kunena kuti inde, koma bodzalo linakana kutuluka. Anaima chilili, misozi ili chuchuchu, mpaka fungo la nsalu yopserera linadzaza chipinda chonse. Diresi la Enelesi lopitira kutchalitchi linali litabooka pachifuwa.

"Sindikudziwa, mwanangu," anayankha. "Ndinakulakwira kwambiri."

Anazimitsa simbi, nayamba kutulutsa zovala zija m'chikwama chimodzichimodzi, n'kumaziika pashelefu pamodzi ndi za Chiso.