Fifite ndi Fifite

Tsiku limenelo kunali mvumbi, mvula yosadziwa kuleka. Mwana wanga wamkazi analowa m'nyumba atanyowa, pepala la zotsatira za mayeso atalibisa m'bulauzi. Ndikulembera inu amene munauzidwapo kuti mwalephera. Sindine wa mawu ambiri.

Anali m'chaka choyamba pa sukulu ya unamwino. Kuti munthu apitirize pankafunika malikisi 50. Papepala lake panalembedwa 50. Pambali pake panalembedwa kuti WALEPHERA.

Amake anali chigonere kuchipinda, matenda atawamaliza. Pakhoma panapachikidwa diresi loyera limene ankamusokera, litangotsala mpendero.

"Anamwino abwera?" anafunsa. Ndi mmene ankamuitanira chiyambire ali wamng'ono.

"Abwera, amayi," iye anayankha. "Koma akuti ndalephera."

M'mawa mwake tinapita ku ofesi ya sukuluyo. Kalaliki anatembenuza kompyuta kuti tione. Munali timabokosi tambirimbiri, dzina lililonse ndi mzere wake. Kompyuta inkaphatikiza yokha malikisi, ndipo m'kabokosi komaliza inkalemba yokha kuti wakhoza kapena walephera.

"Bambo, kompyuta sinama," anatero kalalikiyo, mosanyoza. "Ilibe m'bale."

"Fifite ndi fifite," ndinatero.

Anangopukusa mutu. Malo a mwana wanga anapatsidwa kwa wina.

Amake anatisiya mvula isanathe. Za sukulu ananenapo chimodzi chokha: "Diresilo musapatse munthu." Ndinalipinda ndi kuliika m'sutikesi.

Mwanayo anapeza ganyu pa shopu ya fotokope. Omudziwa ankamuseka. "Anamwino, tibayeni jakisoni wa inki!" Ankaseka nawo. Kulira ankalirira kuseri kwa nyumba, akuchapa. Ndinkamumva. Ndinkangomutungira madzi.

Mwini shopuyo anali mayi wolongolola koma wamtima wabwino. "Iwe, mutu wonsewo ungothera kumata maenvulopu? Khala apa." Anamuphunzitsa kompyuta, mpaka timabokosi tija anatidziwa.

Masana ena kulibe makasitomala, mwanayo analowetsamo malikisi ake onse: a m'kalasi, a kuwodi, ndi a mayeso omaliza, aliwonse ndi gawo lake. Kompyuta inaonetsa 50. Anaifunsa ngati wakhoza. Inati walephera. Kenaka anailamula kuti ionetse manambala onse obisika kuseri kwa kadontho.

Anandithamangira ku ntchito kwanga. "Ababa, tiyeni mukaone."

Pagalasi panalembedwa 49.9999999999999.

"Pamanja zimakwana fifite ndendende," anatero. "Koma tizigawo ta nambala, monga 0.1, kompyuta siitisunga ndendende. Pamaperewera kanyenyeswa. Poonetsa imakabisa, koma poweruza imakakumbukira."

"Kanyenyeswa kotani?"

"Kochepa kuposa fumbi, ababa."

Ndinakhala pansi. Amake anapita akuganiza kuti mwana wawo walephera, chifukwa cha fumbi.

Tinabwerera ku sukulu kuja. Anati mphunzitsi wamkulu ali pamsonkhano. Tinapitanso, anati wachokapo. Mwanayo akakhala ku shopu ndinkapita ndekha, kukhala pabenchi, chipewa pabondo. Alonda anafika pondizolowera.

"A Fifite afika! Lero mwabwera ndi zingati, madala?"

"Zomwezo."

Tsiku lina mphunzitsi wamkulu, mayi wa imvi, anaima patsogolo panga. "Bambo, benchi limeneli mulimaliza. Kamutengeni mwanayo."

Anakhala naye pa tebulo limodzi. Anaphatikiza ndi pensulo, kenaka ndi kompyuta, kenaka ndi pensulonso. Mayiyo anavula magalasi.

"Mwana wanga, tinakulakwira."

Anakonza kuti kompyuta izichotsa kaye fumbi lija isanaweruze munthu. Atayang'ana m'zaka zam'mbuyo anapeza enanso angapo amene anagwa chimodzimodzi. Anawafunafuna. Ena anali atasamuka kalekale. Mmodzi anayankha kuti za sukulu anaziiwala, asamukumbutse.

Lero mwana wanga ndi namwino m'wodi ya ana. Kompyuta ikamuuza muyeso wa mankhwala, amawerengeranso pamanja. Anzake amamuseka. Iye sasiya.

Inu amene mwauzidwa kuti mwalephera, mwina mwalepheradi, dzukani, yambaninso. Koma mwina ndi fumbi chabe. Funsani. Akakubwezani, bwereraninso. Mtima wokha musautaye, chifukwa aja anautaya sanapezekenso pamene chitseko chinatseguka.

Chimene sichingakonzeke ndi chimodzi: amake sanamve.

Tsiku limene anamuitana kuti akayambirenso, mwanayo anapita kukatsanzika ku shopu. Ine ndinatsegula sutikesi. Kusoka sindidziwa. Ndinatenga singano ya amake, ndinakhala pakhomo powala, ndi kumaliza mpendero uja.